Ntchito Imene Inafa Isanabadwe

Galimoto yopita ndi akaidi kundende inali yoti inyamuke ola lachisanu ndi chinayi masana, nthawi imene azungu amati fili koloko, ndipo dzina la Ashenafi Worku linali kale pa mndandanda. Analilembapo anali Inspekitala Tewabech mwini wake, dzulo lake, mtima uli m'malo. M'mawa wa Lachisanu uno mtimawo unali utayamba kukayika, ndipo Tewabech ankadana nako kukayika kobwera munthu atasaina kale.

Mlanduwo unali wosavuta kuumva. Pa likulu lina mu Addis Ababa pali makina aakulu owerengera za nyengo. M'mawa uliwonse wa dzinja makinawo amapatsidwa ntchito imodzi yoposa zonse, yowerengera madzi amene atsikire m'chigwa. Akaona choopsa, uthenga umapita pa mafoni a akuluakulu a midzi kuti anthu akwere kumtunda. Akakhala chete, ndiye kuti anthu agone. Lachiwiri wina anaimitsa ntchitoyo ili pakati, makina anakhala chete, ndipo pofika Lachitatu madzi anali atakokolola mayi wina ndi ana ake awiri.

Ashenafi, woyang'anira makinawo masana, anali atakhala pa benchi m'kachipinda ka papolisi, manja ali pakati pa mawondo. Injera imene anamupatsa, mkate wathu wopyapyala uja, inali itauma m'mbali osaikhudza. Anali masiku a Filseta, masabata awiri osala kudya chifukwa cha Mariya, pamene wopemphera weniweni salawa kanthu, ngakhale khofi, mpaka ola lachisanu ndi chinayi.

"Dzulo ndinakunamizani, Inspekitala," anatero osadzutsa mutu.

"Zimenezo ndinazolowera. Unanama pati?"

"Ndinati ndinali pampando wanga m'mawa wonse. Sindinalipo. Ndinatuluka ola lachitatu ndendende, ndinabwera lachisanu."

"Unali kuti?"

"Kutchalitchi, tsidya la msewu. Mkazi wanga ndi woyembekezera, ndiye wapita padera katatu konse. Ndinalonjeza kuti Filseta yonse ndiziima pakhomo la Mariya."

"Anakuona ndani?"

"Anthu mazanamazana. Onse atafunda zoyera, onse maso ali pansi."

"Ndiye kuti palibe. Nanga unanamiranji?"

"Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Sindinadziwe kuti kupezeka pampando ndiye mlandu waukulu."

Tewabech anatulutsa pepala limene mlandu wonse unatsamirapo. Linali ndi mzere umodzi wokha wochokera m'kaundula wa makina: nambala ya ntchito, mawu oti yaimitsidwa, dzina la Ashenafi, ndi nthawi, 03:40. Mphindi makumi anayi ola lachitatu la m'mawa litakwana. Munthu amene dzulo analumbira kuti anali pampando, lero ankalumbira kuti sanalipo, ndipo woweruza aliyense akanangoseka. Koma mbale yosakhudzidwa ija inamuvutitsa Tewabech. Anayang'ana wotchi yake. Anatsala ndi maola asanu.

* * *

Dokotala Dagnachew, mkulu wa gawo lowerengera, anamulandira ataimirira, jekete litamangidwa mabatani onse. Ndiye anapereka pepala lija kupolisi Lachitatu. Pakhoma panali mapepala a sukulu zimene anaphunzira, ndi chithunzi chake ali pakati pa akulu a mpingo.

"Inspekitala, khofi sindikupatsani, mukudziwa masiku ake. M'nyumba muno timasala tonse, kuyambira ine mpaka mlonda."

"Sindinabwerere khofi, Dokotala. Lachiwiri m'mawa munali kuti?"

"Muno, chitseko chotseka, ndikulemba. Ndinali ndi kafukufuku woti afike kumsonkhano wa kunja tsiku lomwelo masana. M'chipinda cha makina sindinapondemo sabata yonseyi. Mwina simukudziwa, ntchito ya madzi osefukira siimitsidwa pa kompyuta wamba, koma pa imodzi yokha ya m'chipindacho. Lamulo limenelo ndinaliika ndine, poteteza miyoyo."

"Ashenafi akanaiimitsiranji?"

Dokotala anatambasula manja mwachisoni. "Achinyamata a lero, Inspekitala. Chala chimathamanga kuposa mutu. Ndamupempherera, ndipo ndipitiriza."

Ankayankhula ngati akuwerenga, mawu aliwonse atasitidwa. Tewabech anaona kuti wotchi ya pamkono pake, yaikulu, yasiliva, inkaloza ola lachinayi ndi theka, pamene ya pakhoma inkati hafu pasiti teni.

"Ziwirizi zinayambana?" anafunsa, akuloza ndi chibwano.

"Ya pakhomayo ndi ya alendo," anatero Dokotala, monyadira pang'ono. "Yangayi sigwadira London. Tsiku limayamba dzuwa likatuluka, osati pakati pa usiku ngati la mfiti."

Apa Tewabech anagwirizana naye, ndipo zinamunyansa kugwirizana ndi munthu amene sanamukonde. Kwathu kuno maola timayamba kuwerenga kukacha, monga amachitira munthu aliyense wanzeru zake, ndiye ola lathu loyamba ndi seveni koloko ya azungu.

"Kaundula wonse ndingamuone?"

"Mizere zikwi makumi angapo? Ndinakusankhirani wofunikawo kuti musavutike. Mwini kaundula, Weyzero Fikirte, anali kumaliro ku Gojjam kuyambira Lolemba." Anakonza tayi. "Ndamva kuti wabwera lero."

Mawu omalizawo anatuluka mochedwa kusiyana ndi anzake, ndipo Tewabech anawamva.

* * *

M'chipinda cha makina munkazizira ngati m'firiji, ndipo phokoso la zokupiza mphepo linkachititsa anthu kukweza mawu. Fikirte anali mayi wonenepa wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu, atavalabe zakuda za kumaliro ndi juzi ziwiri pamwamba. Sanaimirire.

"Ndinu amene mwamanga Ashenafi? Mwana uja ngakhale kuzimitsa getsi amayamba wapempha chilolezo."

"Kaundula wanu ndiye wamumanga. Mumatani naye kaundulayu masiku onse?"

"Ndimamufinya. Bwerani kuno."

Tewabech anakoka mpando. Pa sikirini panalibe zithunzi kapena zodinadina, koma mdima wokha ndi kachizindikiro kophethira, kodikira lamulo.

"Muno muli pulogalamu yogawa ntchito, timangoitcha kapitawo," anatero Fikirte, zala zikuyenda kale. "Aliyense wofuna kuwerengetsa zake amaima pamzere, kapitawo n'kumati iwe lowa, iwe dikira. Chilichonse chimene wachita amalemba: yafika nthawi yakuti, yayamba nthawi yakuti, yatha nthawi yakuti. Munthu sangawerenge zonsezo, angachite misala. Ndiye ndili ndi kapulogalamu kena, ndimangokauza tsiku, iko n'kundiwerengera kuti pa ola lililonse zatha ntchito zingati, zadikira bwanji, zayenda nthawi yaitali bwanji. Sikadziwa Dokotala, sikadziwa mlonda."

"Kauzeni Lolemba."

Fikirte analemba mzere umodzi n'kudina. Manambala anatsika m'mizere yowongoka.

"Tsiku labwino limaoneka chonchi. Ya madzi imalowa 07:00, imatenga makina onse, imatha 12:00. Maola asanu amenewo palibe ina imene imatha. Onani, ziro, ziro, ziro. Anthu amang'ung'udza, koma amadikira."

"Tsopano Lachiwiri."

Manambala anatsikanso. Fikirte anayandikitsa nkhope, kenaka anavula magalasi, kuwapukuta ndi juzi, n'kuwavalanso.

"Izi ndiye ayi."

"Chiyani?"

"Choyamba, pakati pa 10:00 ndi 11:00 zatha ntchito zana limodzi ndi makumi anayi, nthawi imene pamayenera kukhala ziro. Chachiwiri n'ichi." Anagogoda sikirini ndi chikhadabo. Pa mzere wina panali kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwa nambala. "Kakuti pali ntchito imene inayenda maola atatu ndi mphindi makumi awiri chobwerera m'mbuyo. Zaka khumi ndi zisanu ndili muno sindinazionepo."

Analembanso lamulo lina, lalifupi, ndipo panatsala mizere iwiri yokha. Wapamwamba unkati ntchito ya madzi inayamba 07:00. Wapansi Tewabech ankaudziwa pamtima.

"Yaimitsidwa 03:40," anawerenga Fikirte. "Inafa isanabadwe."

"Ayi, yayamba ola loyamba, yaimitsidwa lachitatu ndi mphindi makumi anayi," anatero Tewabech, koma mawu ake anafooka asanamalize. Anali atawerenga mzere wina m'nthawi ya azungu, wina m'nthawi yathu.

Fikirte anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inspekitala, makinawa sanabadwire kumsika wa Merkato. Akati 03:40 ndiye kuti m'bandakucha, atambala asanalire, chipinda chino chili chokhoma. Ola lathu lachitatu ndi mphindi makumi anayi, kapitawo akanalemba 09:40. Onani mizere yoyandikana nayo, wam'mwamba 09:39, wam'munsi 09:41. Uwu wokha ndiye mlendo. Wina anafufuta mzere weniweni n'kulemba wake ndi manja, ndipo nthawi anaitenga m'mutu mwake."

Tewabech anachita manyazi mpaka makutu kutentha m'chipinda chozizira chija. Pepala lija analiwerenga iye, bwana wake, ndi loya wa boma, anthu atatu a sukulu zawo, ndipo onse anaona ola lachitatu la m'mawa chifukwa ndi mmene maso awo analeredwera.

"Ashenafi sakanadzilemba yekha," anatero pang'onopang'ono. "Palibe amene amafufuta dzina kuti aikepo lake. Angasinthe kaundula ndani?"

"Atatu. Mkulu wa likulu lino, amene ali kunja kuyambira sabata yatha. Dokotala. Ndi ine."

"Inu munali kumaliro, mwatero."

"Kafunseni Gojjam yense, ndinalira mokweza. Komanso ine ndikati ndiname, ndinganame m'nthawi ya makina. Ukwati wa mwana wa mchemwali wanga anati ola lachisanu ndi chimodzi, ine n'kufika sikisi koloko madzulo, anthu akutsuka mbale. Mpaka lero sandiyankhula bwino."

"Ntchito zana limodzi ndi makumi anayi zija n'za ndani?"

Fikirte analemba, nadina. Dzina linali limodzi, la Dokotala, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo yoyamba inalowa 09:41.

"Akana," anatero Fikirte. "Anena kuti zake zinali pamzere basi, kapitawo anangozilowetsa malo atapezeka. Ndipo n'zoona, zikanalowa ngakhale akanaimitsa wina. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, Inspekitala. Pezani amene anamuona muno."

Wotchi ya Tewabech inkati ola lachisanu ndi chiwiri latsala pang'ono. Ataimirira anaona pa tebulo la kompyuta ya pakona, yoimitsira ntchito ya madzi ija, pambali pa chikwangwani choletsa chakumwa chilichonse, kabwalo kakang'ono kabulauni kouma, kukula kwake ngati pansi pa kapu ya khofi.

* * *

Etiye Lemlem, mayi wachikulire, ankaphika khofi wa antchito pansi pa masitepe a kuseri, pa kambaula ka makala. Masiku a Filseta ntchito yake inkayamba masana, ndiye Tewabech anamupeza akusankha nyemba za khofi m'lichero, wailesi ikuimba nyimbo za Mariya chapansipansi.

"Khala, mwana wanga. Wapolisi kapena ayi, miyendo ndi yomweyo."

"Etiye, Lachiwiri m'mawa munaphika khofi?"

"M'mawa? Filseta ino? Ukundiyesa wachikunja?"

"Sindinati munamwa. Ndati munaphika."

Mayiyo anatola kamwala m'lichero n'kukaponya kutali. "Ine ndimaona makapu, sindiona anthu."

"Makapu angati?"

"Iwe, anakulera ndani wosadziwa kusiya nkhani?" Anausa moyo. "Za munthu ndi Mulungu wake si za polisi. Munthu wamkulu, woimirira kutsogolo m'tchalitchi, mutu ukamamupweteka chifukwa chosowa khofi, ine ndikamuulule? Zaka zisanu ndi chimodzi ndamusungira. Filseta iliyonse, kapu imodzi, nditavundikira ndi nsalu, ndimakaipereka m'chipinda chozizira chija chifukwa mulibe mawindo."

"Ashenafi saona?"

"Chaka chino zaphweka, mwanayo amathawira kutchalitchi ola lachitatu. Ndimamuona akudutsa pageti apo, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Akangotuluka, ine ndimatereka."

"Lachiwiri munamuona akutuluka?"

"Ndi maso awa. Ndinamuuzanso kuti andipempherere bondo."

"Kapu munakapereka nthawi yanji?"

"Lachitatu ndi theka, monga masiku onse. Ndinamupeza atakhala pa kompyuta ya pakona, akutukwana chapansipansi kuti zake sizikuyenda. Anati, Lemlem, taona kumwamba kulibe ndi mtambo womwe, koma makina onse agwidwa ndi mvula ya m'maloto." Anasiya kusankha. "Nanga khofi walowa bwanji m'nkhani ya anthu okokoloka aja?"

Tewabech anamuuza mwachidule. Etiye Lemlem, lichero lili pamiyendo, anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Ndimayesa ndikubisa tchimo laling'ono," anatero. "Lemba, mwana wanga. Dzina lake ndikuuza, ndipo ndidinda chala."

* * *

Dokotala Dagnachew anamvetsera zonse mwaulemu, zala zitalukana pa tebulo.

"Mayi wophika khofi ndi kachizindikiro kochotsera," anatero. "Makina amalakwitsa, Inspekitala. Okalamba amasokoneza masiku. Ntchito zanga zinali pamzere monga za wina aliyense."

"N'kutheka," anatero Tewabech. Anali atalemba mawu ake onse papepala, ndipo analitembenuza n'kumukankhira pamodzi ndi cholembera. "Werengani, musaine. Pansipo mulembe tsiku ndi nthawi, m'manambala, monga mwa lamulo. Ndikuthamangira galimoto."

Dokotala anawerenga mosamala, anakonza liwu limodzi, nasaina ndi dzanja lokhazikika. Kenaka anakweza mkono, kuyang'ana wotchi yasiliva ija, n'kulemba 08:20.

Tewabech anatenga pepala la mzere umodzi lija n'kuliika pambali pake. Sanafulumire. Ya pakhoma inkati mphindi makumi awiri pasiti thu.

"Makina akanalemba 14:20," anatero. "Inu mwalemba monga munalembera Lachitatu, ziro kutsogolo kuti zioneke za makina, ola lochokera pamkono."

Dokotala anayang'ana mapepala awiriwo. Dzanja lake linapita pa wotchi ngati likufuna kuibisa.

"Theka la mzinda uno likanalemba chonchi," anatero, mawu atauma.

"Zoona. Inenso ndinawerenga chonchi, ndipo ndinamanga munthu wosalakwa. Koma theka la mzinda lilibe kiyi ya kaundula, ndipo silimwa khofi m'chipinda cha makina."

Mvula inali itayamba kugunda pa windo. Dokotala anaiyang'ana, ndipo atayankhulanso sanali kuwerenganso.

"Kunali dzuwa. Kunali dzuwa, Inspekitala. Ndinati ndingobwereka maola awiri, zanga zikatha ndiiyambitsenso. Zitatha ndinathamangira kutumiza kafukufuku, nthawi inali itatsala pang'ono." Anaweramitsa mutu. "Ndinakumbukira Lachitatu, pa wailesi."

Tewabech anakwiya, mkwiyo wozizira umene sufuna kukweza mawu. Anaitana wapolisi amene anamusiya pakhonde kuti akhale naye Dokotala, iye n'kutsika masitepe akuimba foni.

* * *

Anapeza galimoto italiza kale injini pabwalo la polisi, mvula ikutsika ngati ikuthiridwa ndi ndowa. Akaidi asanu ndi mmodzi anali atakhala kumbuyo. Tewabech anasainira pepala lomasula atalitchinga ndi jekete, ndipo wapolisi wa makiyi anamasula unyolo wa Ashenafi akung'ung'udza kuti akuchedwetsa ulendo.

"Tsika," anatero Tewabech. "Sindiwe unaiimitsa. Wavomera ndi Dokotala. Ndinalakwitsa ndine, ndipo ndikupepesa."

Ashenafi anatsika pang'onopang'ono n'kuima pamvula, akusisita mikono. Tsidya lina la mzinda mabelu a matchalitchi anali atayamba kulira, ola lachisanu ndi chinayi, nthawi yomasula kusala.

"Ya lero inayenda?" anafunsa.

"Chiyani?"

"Ya madzi. Mvula iyi ikupita kuchigwa."

"Fikirte anaiyang'anira yekha. Inatha bwino, uthenga wapita, anthu akukwera kumtunda."

Ashenafi anagwedeza mutu, koma nkhope yake sinamasuke. Tewabech ankayembekezera misozi, kapena mawu oipa, ndipo akanawalandira onse.

"Anaiimitsa nthawi yanji kwenikweni, Inspekitala?"

"Lachitatu ndi mphindi makumi anayi. Unali kutchalitchi. Etiye Lemlem anakuona ukutuluka."

"Ndinabwera lachisanu," anatero Ashenafi. "Ndinaona manambala akuthamanga pa sikirini, ndinati zili bwino, osayang'ana kuti n'za ndani. Ndikanakhala pampando wanga, sakanalowa n'komwe." Anapukuta madzi kumaso ndi chikhatho. "Ndinapita kukapempha mwana mmodzi. Kuchigwa kunapita awiri ndi mayi wawo."

Tewabech anali ndi pepala lonena kuti munthuyu alibe mlandu, losainidwa ndi kudindidwa. Analipinda n'kumuikira m'thumba la malaya kuti lisanyowe, chifukwa analibe china chomupatsa. Ashenafi anathokoza mwaulemu, navula nsapato zake, n'kutuluka pageti atazinyamula m'manja.